Kamlonda Kamene Kanakana Kutuluka

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Ndikafuna kuzikumbukira zimabwera zonse pamodzi ngati mbuzi zotuluka m'khola, ina pamsana pa inzake, ndipo zonse zimaoneka ngati zinachitika masana, dzuwa lili paliwombo. Anthu ena amaopa mdima. Ine mdima sunandilakwirepo kanthu. Chimene ndinkaopa ndi masana.

Ndisanayambe kuyenda ndinali mlonda wa pageti la njanji, pamalo pamene msewu wafumbi umatuluka m'tsekera n'kudumpha njanji. Inali ntchito yoti ngakhale chitsiru chikhoza kugwira, n'chifukwa chake anandipatsa ine. Ukamva sitima ikulira kuseri kwa phiri, umatuluka m'kanyumba, n'kutsitsa mtanda wachitsulo kutseka msewu, n'kuima ndi mbendera yofiira mpaka mabogi onse atadutsa. Mkazi wanga Nangondo, amene ankandibweretsera chakudya masana aliwonse, ankanena kuti iye sayang'ana njanji, amayang'ana mtanda. Mtanda ukakhala m'mwamba ndiye kuti mwamuna wake wanena kuti dutsa.

Mkulu wa siteshoni yathu anali nkhalamba yochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. M'nyumba mwake munali tebulo lalikulu lomwe anayalapo dziko lonse la zidole: tinjanji, timilatho, tisiteshoni, ndi kasitima koyendera magetsi, zonse zakalekale, zomwe anasewera nazo ali mwana. Pobwerera kwawo anatigawira ife antchito. Ine anandipatsa kanyumba ka mlonda, kachitini, kokwana m'manja awiri, ka denga lofiira. Pansi pake panatuluka mawaya awiri. Ukawakhudzitsa ku mabatire a tochi, kachitseko kankatseguka n'kutuluka kamunthu konyamula nyali. Ukawachotsa, kankabwerera m'kati n'kudzitsekera.

"Uyu ndi iwe," anatero mkuluyo. "Kungoti uyu sanachedwepo."

Mwana wathu Elufe anali ndi zaka ziwiri. Kamunthuko anakatcha ababa ang'ono. Kakatuluka, ankawomba m'manja mpaka kugwa chagada. Tsiku lina m'mawa kachitseko kanakana kutseguka, ndipo mwanayo analira kulira kosatonthozeka. Ndinamulonjeza kuti akamabwera ndi mayi ake masana adzapeza ababa ang'ono atachira. Ndinatenga kanyumbako kupita nako kuntchito, ndi msomali umodzi.

Ndinakhala m'kanyumba kanga kakakulu, chitseko chotseka chifukwa cha mphepo, n'kumatokosa ndi msomali pakampata ka pansi pa kachitseko. Ine amene sindinkadziwa ngakhale kusoka chigamba. Mwina sitima inalira kuseri kwa phiri, mwina mphepo inapita nawo mawu ake, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nsonga ya msomali inathyokera m'katimo, ndipo nthawi yomweyo ndinaimva sitima, osati kuseri kwa phiri koma pakhomo panga penipeni. Zitsulo zinalira. Munthu wamkazi anakuwa kamodzi kokha.

Ndinatsegula chitseko pang'ono, poti diso limodzi lione. Chivindikiro cha mbale chinkagubuduzika mumsewu, choyera, cha maluwa abuluu. Chinabwera mosafulumira mpaka pakhomo panga, n'kuzungulirazungulira, n'kugona. Ndinkachidziwa chivindikiro chimenecho. Ndinachigula ndine.

Sindinatuluke. Ndinatseka chitseko, n'kudumphira pazenera lakumbuyo, n'kulowa m'tsekera. Sindinaone kuti wagundidwa ndi mayi, kaya mwana, kaya onse, kaya palibe. Ndipo ndili m'tsekeramo ndinapangana ndi mtima wanga pangano la munthu wamantha. Ndinati tsiku limene kamunthu aka kadzatuluke, inenso ndidzabwerera kwathu kukamva zimene zinachitika. Ndinali ndikudziwa bwino lomwe chimene chinkakatsekereza.

Ndinafika m'tauni ina yafumbi, ya msika waukulu kuposa tauniyo. Kuseri kwa msika kunali mmisiri wokhoma zidebe, dzina lake a Kamtedza, munthu wamfupi wa mawu aakulu, chifukwa amene akhala pakati pa nyundo sadziwa kunong'ona. Anandiyang'ana manja.

"Manja a kalaliki awa, achimwene. Mumagwira ntchito yanji?"

"Yodikira," ndinatero.

"Ndiye mwadikira mokwanira. Gwirani apa."

Anandiphunzitsa kudula chitini, kupinda mkombero wa ndowa, kusungunula mtovu ndi kumata potayikira. Ndinakhala nawo madzinja angapo. Koma tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, mithunzi ikathawira kunsi kwa mapazi, ndinkamva kugogoda m'thumba langa lomwe ndinkapachika pamtengo. Kugogoda kwake kunali kochepa, ngati kwa chiswe m'denga. Tsiku lina masana otero chivindikiro chinatsetsereka pamulu wa mapoto, n'kugubuduzika kudutsa bwalo lonse mpaka paphazi langa. Nyundo inandigwa m'manja.

"Mwaona njoka?" anafuula a Kamtedza. "Ndipo m'thumbamo mumasunga chiyani choti muziliyang'ana ngati muli apongozi anu?"

Ndinawaonetsa. Anakatembenuza m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba anayankhula motsitsa. Anati amene anapinda chitini ichi anali mmisiri weniweni, ndipo n'zamanyazi kuti dzimbiri lizikadya ife tili pompo. Tinapala dzimbiri ndi phulusa ndi madzi a mandimu. Tinawongola denga lomwe linaphwanyika pamene ndinadumpha pazenera. Tinapaka penti wofiira ndi nthenga ya nkhuku. Kanawala ngati kachokera m'sitolo.

"Kunja kwatha," anatero. "Koma matenda ali pansipa. Mukuona timakutu tachitini tinayi iti? Tikatiwongola, pansi pachoka. Mawa m'mawa titsegula."

M'mawa mwake tambala asanatsike ndinali nditadutsa kale mlatho wa kumapeto kwa tauni. M'tauni imeneyo ndinasiyamo khutu lakumanzere, lomwe nyundo zinaligonthetsa. Sindinalidandaule. Linali khutu lomwe linkayang'ana kuphiri tsiku lija.

Ndinafika m'tauni ina ya mvula, momwe nyumba zonse zinali ndi makonde ataliatali. Pakhonde la sitolo ina panali Che Sumani, wokonza mawotchi, munthu wowonda wa ndevu zoyera, kagalasi kali padiso ngati anabadwa nako. Anandiyang'ana manja.

"Manja a wokhoma zidebe awa. Muphwanya zinthu za eni."

"Amaphunzira," ndinatero.

"Yambani mwaphunzira kupuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anandiphunzitsa kugwira mpweya potola kazitsulo kochepa ngati nsabwe, kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano, ndi kumvetsera wotchi ngati sing'anga akumvetsera chifuwa. Ntchitoyo ndinaikonda. Chovuta chinali chimodzi. Pakhoma panali mawotchi ambiri, ndipo masana onse ankalira pamodzi kakhumi ndi kawiri. Akatha kulira, m'thumba langa munkapitiriza kugogoda. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ankadutsa nthawi imeneyo, ndipo tsiku lina chivindikiro cha beseni lake chinagwa n'kugubuduzika khonde lonse, kulambalala miyendo ya anthu asanu, kudzagona paphazi langa. Ndinaswa galasi la wotchi ya mphunzitsi.

Che Sumani sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuloza thumba langa, ine n'kuwapatsa. Anachotsa kadenga, n'kupeza kuti kasipuling'i kobweza kamunthu kadyedwa ndi dzimbiri. Tinadula kena kuchokera m'wotchi yakufa, ndipo anandisiya kuti ndikakowetse ndekha. Kenaka anasuzumira m'kati ndi kagalasi kawo nthawi yaitali.

"Achimwene, kamunthu kanuka kanali koyang'ana kuti poyamba?"

"Kuchitseko."

"Tsopano kapotoka. Kakuyang'ana kuzenera lakumbuyo." Anachotsa kagalasi padiso n'kundiyang'ana ndi maso onse awiri, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Kwanu kuli ndani?"

"Kulibe aliyense," ndinatero.

"Chabwino. Pali kanthu kamene kakakamira m'njira yake pansipa, n'kukapotoza. Ndikabwera kumzikiti titsegula."

Linali Lachisanu. Iwo akupemphera, ine ndinali pamsana pa lole ya makala. Ndili palolepo ndinayesa kukumbukira nkhope ya Elufe, ndipo siinabwere. Ndinkaona timanja tikuwomba, ndinkaona mkanda wa m'khosi, koma pankhope panali poyera ngati mbale yotsuka. Ndinazindikira kuti ndinaisiya pakhonde paja pamene ndinanena kuti kulibe aliyense. Ndinalira mpaka makala a kumaso kwanga anasanduka matope.

Pambuyo pake matauni anangosanganikirana. Kwina ndinaphunzira kumanga masipoko a njinga, kwina kusoka nsapato, kwina kukonza maloko a anthu otaya makiyi. Ndinkasankha malo opanda njanji, koma masana sitima inkalirabe m'khutu langa logontha lija. Ndikamva munthu akuyankhula ngati akwathu ndinkabisala kuseri kwa chilichonse. Tsiku lina pachigayo bambo wina anayamba kusimba kuti, "Paja pageti la njanji paja, chaka chija mlonda anathawa..." Ine ndinamutembenuzira khutu logontha n'kumayang'ana milomo yake ikuyenda. Akadatha kundimasula ndi mawu awiri. Koma malinga ngati sindinamve, onse awiri anali moyo, mayi ndi mwana, akudikira kuti ndidye mbatata isanazizire. Kumva kukadapha mmodzi, kapena onse. Ndinkaona ngati ndikuwasunga amoyo ndi mantha anga.

Imvi zitayamba, ndinafika m'tauni ya kumapeto kwa msewu, kumene mabasi amatembenukira. Kumeneko kunali mayi Nasibeko, wokonza mawayilesi. Ntchitoyo anaitola mwamuna wawo atamwalira, ndipo anthu ankati amaidziwa kuposa malemuwo. Anali mayi wonenepa, wosachedwa kuseka, wosachedwanso kukwiya. Anandiyang'ana manja.

"Manja odziwa zambiri awa, achimwene. Nanga mwiniwake bwanji akuoneka ngati galu wakuba mazira?"

Anandipatsa mpando. Anandiphunzitsa kutsata moto wa magetsi m'njira zake, kulawa batire ndi lilime, ndi kukulunga koyilo, waya wopyapyala ngati tsitsi kuzunguliza pakachitsulo mpaka kakhale ndi mphamvu yokoka. Sindinawaonetse kanyumba kanga. Anakapeza okha, tsiku lomwe ankafuna pulayala m'thumba langa.

"Aa! Taonani kanthu kokongola. Kakufa?"

"Kakudwala."

Anachotsa kadenga osandifunsa. Anati koyilo yokoka chitseko yapsa, ndipo anandiuza kuti ndiikulunge ndekha pomwepo, iwo akuyang'ana. Ndinakulunga m'mawa wonse, mwadala pang'onopang'ono. Nditamaliza tinalumikiza mabatire. Kanyumbako kanang'ung'udza ngati njuchi ya m'botolo, kachitseko kanagwedezeka, koma sikanatseguke.

"Mphamvu ilipo," anatero. "Pali chokakamira pansipa."

"Titsegula mawa," ndinatero msanga, maso anga ali kale kumsewu.

"Mawa? Ine mwamuna wanga anafa ndi wayilesi khumi za mawa. Ndipo ndani wanena zotsegula?"

Anatola maginito a sipika yakale patebulo, n'kupendeketsa kanyumbako, n'kuwayendetsa pakampata ka pansi pa kachitseko. Kamodzi, kawiri. Ndinamva kuti the! Anachotsa kanthu pamaginitowo n'kukaika pachikhatho changa. Inali nsonga ya msomali, yochepa ngati njere ya mpunga, yofiira ndi dzimbiri.

Panja mithunzi inali itathawira kunsi kwa mitengo. Thukuta linandituluka thupi lonse. Mayi Nasibeko anasiya kuseka.

"Inu munkadziwa kuti kali mmenemo," anatero. "Munthu wodziwa kutsegula wotchi sangalephere ichi. Munakaika ndinu?"

Ndinawauza zonse, kuyambira mtanda mpaka zenera. Anamvetsera manja ali m'chiuno. Nditamaliza sanandinene chipongwe, sananditonthozenso. Anawongola kamunthu kaja ndi chala, n'kubwezera kadenga, n'kuika mawaya awiri m'manja mwanga.

"Mlandu suola, achimwene. Khudzitsani."

"Mayi, ndikuopa."

"Ndikuona. Khudzitsani mukuopa momwemo."

Ndinakhudzitsa. Kachitseko kanatseguka mosavuta konse, ngati kanatsekedwa dzulo. Kamunthu kanatuluka n'kuima pakhomo, nyali ili m'dzanja. Ndinkayembekezera kuona nkhope yoopsa, mwina yangayanga. Panalibe chilichonse, timadontho tiwiri ta penti ndi kamzere ka pakamwa. Kanangoima n'kumadikira sitima, monga mwa ntchito yake.

Ndinabwerera wapansi mpaka ndinapeza njanji n'kuitsata, mtima ukundiuza pa sitepe iliyonse kuti tembenuka. Sindidziwa ndinayenda masiku angati. Ndinafika masana, chifukwa zinthu zanga zonse zimachitika masana. Tsekera anali yemwe uja, msewu womwe uja, kanyumba komwe kaja, kungoti kanachepa. Mtanda unali m'mwamba, chitseko chotseka. Pomwepo sitima inalira kuseri kwa phiri.

Mumsewu munkabwera ngolo ya ng'ombe yodzaza amayi ochokera kuchigayo, akuimba. Chitseko sichinkatseguka. Ndinangoima n'kumayang'ana. Ndinaganiza kuti ndafa kale, ndipo chilango changa n'choti ndizionerera tsiku lija kuchokera panja.

Kenaka chitseko chinatseguka. Panatuluka mayi woyendera ndodo ya m'khwapa, mwendo wakumanzere wothera m'bondo, mbendera yofiira ataisomeka m'chiuno. Tsitsi lake linali laimvi, lopotana ngati zingwe za khonje, lofika m'chiuno. Anadumphira pamtanda n'kuukoka ndi dzanja limodzi, ndipo mtandawo unkalimba. Anatukula maso n'kundiona: anali Nangondo. Sanadzidzimuke.

"Gwirani uko, bambo a Elufe."

Ndinagwira. Tinatsitsa mtanda, ngolo inaima, sitima inadutsa ndi mabogi ake onse, ndipo phokoso lake linandipatsa kanthawi kotsiriza kosamva. Itapita, Nangondo anakweza mtanda n'kuwakodola a pangolo kuti adutse. Anatsogola kulowa m'kanyumba, ine pambuyo, ndipo anatseka chitseko chifukwa cha mphepo.

"Ntchitoyi palibe anaifuna," anatero akukhala pampando wanga wakale. "Ankati m'kanyumba muno muli tsoka. Ndinaipempha ine."

"Mayi a Elufe," ndinatero. "Mwana?"

"Anali kumsana."

Analoza ndi chibwano kukamsitu ka kutsidya kwa njanji, komwe timaika anthu athu. Zaka zonse zija ndinkathawa mawu awiri amenewa, ndipo atafika sanandigwetse pansi monga ndinkaganizira. Anangolowa n'kukhala. Nthawi yomweyo nkhope ya mwana wanga inabwerera, yonse, ndi timano take tating'ono.

"Njira yonse ankandifunsa ngati ababa ang'ono achira," anatero Nangondo. "Munawakonza?"

Ndinatulutsa kanyumba n'kukaika pansi pakati pathu. Mawaya anaphonya kawiri. Kachitatu kamunthu kanatuluka ndi nyali yake. Nangondo anakayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta.

"Mukamuonetse nokha. Koma osati ndi mutu umenewo."

Anapisa dzanja kuseri kwa mtsuko n'kutulutsa lezala lokulunga m'kansalu. Ndikunena zoona, ndinaganiza kuti ndi la pakhosi panga, ndipo sindinasunthe. Koma iye anatenga chivindikiro choyera cha maluwa abuluu, chophwanyika mbali imodzi, n'kuthiramo madzi, n'kuikamo kachidutswa ka sopo.

"Ataika maliro, abale onse anameta, akwanu ndi akwathu. Ine ndinali kuchipatala. Nditatuluka anabwera ndi lumo kuti andimete, ndinakana. Ndinawauza kuti maliro a mwanayu sanathe, bambo ake sanatulukebe m'kanyumba. Anati ndapenga. Tsitsili likundilemera, bambo a Elufe. Yambani kumeta ine, kenaka ndimeta inu."

Ndinagwada kumbuyo kwake. Manja amene anaphunzira chitini, mawotchi ndi koyilo sankadziwa poyambira. Ndinanyowetsa pamphumi n'kuyamba pang'onopang'ono, nditagwira mpweya monga anandiphunzitsira Che Sumani. Zingwe za imvi zinkagwa pansi imodziimodzi. Sanandiuze kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe.

Nditafika pakati pa mutu, dzuwa litapendeka, sitima ya madzulo inalira kuseri kwa phiri. Ndinaimva ndi khutu limodzi lomwe linanditsalira. Ndodo ya Nangondo inali pafupi ndi dzanja lake, koma sanaigwire. Anasolola mbendera m'chiuno mwake n'kuikweza paphewa, osacheuka.

Mantha anali pomwepo, sanapite kulikonse. Zenera lakumbuyo nalonso linali pomwepo, lotsegula. Ndinaika lezala m'chivindikiro, ndinalandira mbendera, ndinatsegula chitseko, ndipo ndinatuluka.